Mayi Jaitun ndi Mbale ya Roti Ziwiri

Ndagi, abale a pamzikiti pano. Mbale inyamuka ndi roti ziwiri, buledi wathu wopyapyala uja, ikafika ndi imodzi. Panjira palibe galu, ndipo wonyamulayo akusala kudya. Inayo yalowa kuti? Musathamangire kuyankha. Yankho lili m'moyo wa mayi Jaitun, amene tawaika m'manda m'mwezi wa Ramadhani wangothawu.

Mayi Jaitun anabadwira konkuno ku Corentyne, kwa makolo odula nzimbe. Sukulu anangoinunkhiza pakhomo. Anakulira m'matope a mpunga, misundu ili m'miyendo, ndipo kuswali anaphunzira kwa mayi awo pamkeka umodzi. Atakwatiwa ndi Haniff, munthu wofatsa ngati ng'ombe yapagoli, anapeza kuti banjalo lili kale ndi tambala wake: a Sattaur, mkulu wake wa Haniff.

A Sattaur mukuwadziwa. Kusala kwawo kunkamveka mpaka tsidya la ngalande. Ankalavula pamsewu kuti aliyense aone kuti sameza ngakhale malovu, ndipo milomo yong'aluka ankayenda nayo ngati mendulo. "Ine chivalire kabudula sindinadumphepo tsiku," ankatero. "Zifukwa nza akazi ndi alesi."

Ramadhani yoyamba ya pabanja inawapeza mayi Jaitun ali ndi pakati, nthawi yodula mpunga. Lamulo silibisa mawu: woyembekezera, woyamwitsa, wodwala ndi wapaulendo adye, masikuwo adzabweza. Amene ali kumwezi ndiye saloledwa n'komwe kusala. Koma tsiku lina a Sattaur anawapeza akumwa madzi kuseri kwa thanki.

"Haniff, tabwera uone," anaitana mokweza. "Unakwatira mkazi kapena bakha? Mlomo suchoka m'madzi."

Anthu anaseka. Mtsikanayo anagwidwa ndi manyazi, nasala ndithu, mpaka tsiku limene anagwa m'munda chikwakwa chili m'manja. Anapita padera. A Sattaur anati ndi chifuniro cha Mulungu, n'kuvala kachisoti kawo kupita kumzikiti.

Mayi Jaitun sanatukwane munthu. Koma ana onse amene anabwera pambuyo pake anabadwa amoyo, chifukwa akakhala ndi pakati kapena mwana kubere, ankakhala pansi pa nyumba yawo yomangidwa pamwamba pa nsanamira, masanasana, mbale pamiyendo. Akakhala kumwezi sankachita ukathyali wathu uja, wodzuka mbandakucha kudya limodzi ndi amuna ngati tisala, kenako n'kumameza nthochi kuseri kwa chitseko cha khitchini. Mudzi unawatcha Chidyamasana. Iwo ankangoti, "Mwininyumba akakutsegulira chitseko, kulowera pazenera si ulemu."

Chimene apakamwa sankachiona ndi ichi. Mwezi ukatha, ife tikunyambita zala ndi zotsekemera za chikondwerero, iwo ankayamba kubweza masiku awo, okhaokha, popanda wowadzutsa, akuphikira nyumba yonse yodya. Akatsiriza ankaonjezanso ena a Lolemba ndi Lachinayi. Sanalavulepo pamsewu.

Haniff atamwalira, ukalamba unabwera ndi matenda a shuga. Dokotala anati kusala kwatha. A Imamu anatsimikiza: nkhalamba yodwala matenda osachira sibweza masiku, imadyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse lomwe yadya. Tsiku limenelo mayi Jaitun analira, Chidyamasana kulirira njala. Kenako anapukuta misozi nasankha a Mursalin, mkulu wosaona, wodwaladwala, wogona kuseri kwa mzikiti, amene naye sankasala ndipo analibe womuphikira masana.

A Sattaur, amene dokotala yemweyo anawauzanso za shuga iwo n'kumukalipira, anadzipereka kunyamula mbale.

"Bweretsani kuno, alamu, ndipezeko madalitso. Fungo la chakudya silindigwedeza ine."

Mbaleyo inkakhala ya roti imodzi ndi nsomba. Pasanapite masiku, a Sattaur akubweza mbale, mayi Jaitun anayang'ana ndevu za alamu awo. Zinali phuliphuli ngati za mbuzi yogwera m'mafuta. M'mawa mwake anakanda roti ziwiri. Wina akafunsa, ankati, "Njira ili ndi njala." Ankadziwa kuti a Sattaur akapanda kudya adzawatola m'ngalande, ndiponso kuti wophimba manyazi a mnzake Mulungu amamuphimbira ake. Zaka zinapita, akudyetsa wosauka mmodzi ndi tambala mmodzi.

Chaka chino matenda anawagoneka mayi Jaitun. Amene ankabwera kudzawaphikira anali Shamshun, mkazi wa mdzukulu wa a Sattaur, ali ndi pakati pake poyamba. Mwanayo ankakanda roti maso ali mkati, dzanja lina litagwira khoma.

"Ukusala?" anafunsa mayi Jaitun ali pamphasa.

"Agogo akuti m'nyumba mwawo mulibe bakha."

"Idya, mwanawe. Amene ali m'mimbayo sanalamulidwe kusala."

"Andiseka pamzikiti, anthu onse akumva. Iwo akuti ngakhale shuga wawalephera, nanga ine kamimba komweka?"

"Ine ndinakwirira mwana chifukwa cha pakamwa pomwepo."

Shamshun anawerama, koma sanadye. Mawa lake anakomoka pamakwerero.

Mayi Jaitun anagona chagada tsiku lonse akuyang'ana kudenga. Mawu amodzi okha akanamupulumutsa mwanayo, koma anali mawu amene anawameza zaka zonsezi. Madzulo anamuitana Shamshun.

"Pakamwa pangapa sipanaululepo munthu, ndipo sipayamba lero. Koma mbale ya mawa, kaya ndilipo kaya palibe, ukapereke wekha m'manja mwa a Mursalin. Ziwiri, monga mwa masiku onse."

Mbandakucha anapempha madzi, naswali chogona. Anachitira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi, mikanda yawo yopempherera ili m'manja, n'kutseka maso ngati munthu amene watsiriza kutsuka mbale. Masana anaikidwa.

Amuna atabwera kumanda anakhala pansi pa nyumba, akazi tili chakumakwerero. A Mursalin anakhazikidwa pampando pakona. A Sattaur anakhosomola, nalavula patali.

"Malemuwa anali abwino," anayamba, "koma m'mimba munawalaka. Achinyamata, onerani ine. Dokotala anati ndifa. Ndafa? Chivalire kabudula..."

Shamshun anadutsa pakati pawo ndi mbale yovundikira, nagwada pamaso pa a Mursalin. Mkuluyo anachotsa nsalu, napapasa. Anapapasanso.

"Mwanawe, walakwitsa. Muli ziwiri umu."

"Ndi mmene timaikira masiku onse, agogo."

"Masiku onse? Ine zaka zonsezi ndimalandira imodzi." Zala zinafika pansomba. "Kodi nsombazi zimakhalanso ndi thupi? Ine ndimayesa a Jaitun amagula mitu yokhayokha."

Makosi onse anatembenukira kwa wonyamula mbale. A Sattaur anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, kachisoti katapendekeka.

"Ndinkaiwala," anatero. "A Imamu, auzeni. Wodya moiwala sanamasule. Lamulo limenelo lilipo."

"Lilipo ndithu, akulu," anayankha a Imamu modekha. "Koma kuiwala kwanuku n'kwanzeru. Kumafika nthawi imodzimodzi, kumabisala kuseri kwa mzikiti, ndipo kumachotsa minga."

Pamaliro sitiseka. Tinayesetsa, Mulungu ndi mboni. Wina analuma mpango, wina ananamizira chifuwa, kenako nyumba yonse inaphulika, ndi ana a malemu omwe, misozi ya mitundu iwiri ili m'masaya.

Shamshun sanaseke. Anapempha roti yachiwiriyo kwa a Mursalin, nakakhala pamalo paja ankakhala mayi Jaitun, mbale pamiyendo, n'kutchula dzina la Mulungu, n'kuyamba kudya anthu onse akuona. Palibe anatchula bakha.

A Sattaur anali atayamba kusowera chakuchipata pamene a Mursalin ananyema roti yawo pakati, n'kutukula theka m'mwamba.

"Sattaur, uli kuti? Sendera kuno, m'bale wanga. Nthawi yako yoiwala yakwana."