Bambo Wakumbuyo Amene Kamera Inadzamupeza

Chaka chimene anthu ambiri anachotsedwa ntchito padoko la Liverpool, Vincent Mulhearn anali m'gulu lomwelo. Anali ndi mkazi wodwaladwala, Bernadette, ndi ana atatu. Pofika nyengo yozizira n'kuti atagulitsa wailesi, njinga ndi suti yake ya ukwati. Ana ankagona atavala majuzi chifukwa m'nyumba munalibe moto.

Tsiku lina, akuchokera kumene anamukana ntchito, anapeza msewu atautseka, anthu akujambula filimu. Mayi wina wonyamula chimkuzamawu ankaitana amuna oti adzaze khamu la m'filimuyo.

"Ntchito yake ndi yotani, mayi?" anafunsa Vincent.

"Kuyenda kuchoka apa kufika apo. Osayankhula, osayang'ana kamera. Nkhomaliro ndi yaulere."

Atamva za nkhomaliro sanafunsenso zambiri. Koma kamera itangoyamba, mantha anamugwira mpaka anawomba tebulo la zipatso. Malalanje mbwee msewu wonse! Anamuthamangitsa chakudyacho asanachilawe n'komwe.

M'mawa mwake analawirira pamalo omwewo. Mayi uja anagwira m'chiuno.

"Bambo inu, manyazi mulibe?"

"Ndili nawo, mayi, koma ana anga sadya manyazi."

Mayiyo anaphulika nako kuseka, n'kumuponyera chipewa choti avale.

Umu ndi mmene Vincent analowera m'gulu la anthu akumbuyo, aja mumawaona m'filimu akudutsa, akumwa tiyi kapena akudikira basi pomwe akatswiri akuyankhula. Anaphunzira kucheza popanda kutulutsa mawu. Anaphunzira kugona m'matope ngati msilikali wakufa, mvula ikumumenya kumaso, iye osaphethira. Anakhalapo wapolisi, wansembe, chidakwa, ngakhale mtembo wa m'chipatala. Miyezi imene foni yomuitanira kuntchito sinkalira, ankatsuka mawindo m'nyumba za anthu.

Anzake akale a padoko sankamupatsa mpata.

"Aise Vinnie, dzulo taona chigongono chako pa TV! Chasewera bwino zedi!"

"Dikirani sabata yamawa," iye ankayankha, "muonanso nkhongo."

Ana onse anaphunzira, nakula. Bernadette anamwalira. Vincent anapitirizabe ntchitoyo kwa zaka makumi anayi, dzina lake osalembedwapo pa filimu ndi imodzi yomwe.

Kenako anagwa, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Atatuluka m'chipatala, ofesi imene inkamupezera ntchito inamuuza mwaulemu kuti akapume, wakula. Zinamupweteka kuposa fupalo.

"Adadi, mwina akunena zoona," anatero mwana wake Colette.

"Iwe, ndipatse nsapato zanga. Tiye kupaki."

M'mawa uliwonse Colette ankamuyendetsa, iye akutsimphina, akulumira mano. Miyezi itapita anataya ndodo. Anapita yekha ku ofesi kuja, n'kukana chikepe, n'kukwera masitepe wapansi. Anamulembanso tsiku lomwelo.

Ntchito yoyamba inali ya filimu ya phwando la ukwati m'holo yaikulu. Anamuika pakona penipeni kuti azivina ndi gogo mnzake. Nyimbo itangolira, chimwemwe chobwerera pantchito chinamukwera m'mutu. Bamboyo anavina! Anazungulira, anagwedeza mapewa, gogo uja mpaka kukuwa ndi chiseko.

"Imani!" anakuwa wotsogolera filimu, mtsikana wotchedwa Imogen Radley. "Agogo ali pakonawo ndani?"

Vincent anasiya kuvina. Anadziwa kuti waonjeza, ndipo mwayi wina sadzaupezanso.

"Ndine Mulhearn, mayi. Pepani."

"Mukupepesa chiyani? Bwerani pakati! Muvine ndi mkwatibwi, ndipo mumuuze chilichonse chimene chingakubwerereni."

Kamera yaikulu inatembenukira kwa iye. Vincent anagwira dzanja la mkwatibwi, namuyang'ana ngati mdzukulu wake weniweni.

"Mwana wanga, usaope kumuponda phazi mwamunayo. Azolowera."

Holo yonse inagwa nako kuseka, ngakhale wogwira kamera. Imogen sanachotsepo liwu ndi limodzi lomwe.

Tsiku loonetsa filimuyo ku Liverpool, adzukulu ake anadzaza mzere wonse wa mipando. Nkhope ya Vincent itadzaza chinsalu, malikhweru ndi kuwomba m'manja zinagwedeza denga. Pamapeto dzina lake linadutsa pamodzi ndi a akatswiri, Colette misozi ili chuchuchu.

Lolemba lotsatira, Vincent anali kale pantchito ina, atakhala pampando wakumbuyo m'basi ya m'filimu, nyuzipepala m'manja, akulimbana ndi kumwetulira kumene kunkakana kuchoka.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakuikani pakona pomwe palibe akukuonani. Gwirani ntchito yanuyo ndi mtima wonse pakona pomwepo, ndipo akakubwezani lero, mawa mulawirirenso. Musataye mtima.