Njuchi za paphiri la Bunda

Mwaswera bwanji nonse. Ndangofika kuno ku Kawale, diso limodzi silikutseguka.

Lero ndinatsogolera ana a sukulu ina kukakwera phiri la Bunda. Ndinawauziratu kuti asadzole zonunkhira chifukwa kumathanthwe kuja kuli njuchi. Ana anamvera, koma aphunzitsi awo anadzipopera perefyumu m'basi momwemo, amvekere, "Inu yanu ndi yolozera njira basi."

Njuchi zitayamba kuluma, oyamba kuliyatsa liwiro anali iwowo. Kamtsikana kena kanagwa, ndinakafunditsa jekete yanga, njuchi zonse n'kuthera pa ine.

Pano auza makolo kuti ndinasocheretsa ana, ndiye abwana akuti mawa ndikawapepese. Amayi, achimwene, tandiuzeni: ndipite ndi nkhope yotupayi kukapepesa munthu amene anasiya ana a eni n'kuthawa?