Takisi Inali Kuseri kwa Mpanda

Linali Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, pamene amuna anga anagwa pakhomo la bafa, thaulo lili paphewa. Kuseri kwa mpanda wathu kunali takisi, mwini wake ali pomwepo akuitsuka. Ndinaiona ndi maso angawa, koma sindinaitane. Ndinathamangira kumsewu waukulu. Inu owerenga, kulakwa kwanga n'kumeneku, ndipo ndikufuna ndikuuzeni pamene kunayambira.

Ine kwathu ndi ku Chadiza. Sukulu ndinalekezera giredi faifi. Amuna anga, aPhiri, anakhala zaka zambiri ku Ndola akugwira ntchito yaulonda, ine ndili kumudzi kulima ndi kusamalira apongozi. Apongoziwo atatisiya, aPhiri anabwera kudzanditenga pamodzi ndi mwana wathu wotsiriza, Tisa. Tinakalowa m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chifubu.

Tawuni inandiopsa. Aliyense amalankhula Chibemba, mothamanga, ine osatolapo kanthu. Kumsika ndinkangoloza ndi chala. M'minibasi ndinapitirirapo kawiri pamalo potsikira chifukwa cha manyazi ouza kondakitala. Tisa sanavutike, mwezi usanathe anali akukangana ndi anzake m'Chibemba. Ine ndinkangoona ngati aliyense woseka akuseka ine.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala mayi wina wa Chibemba, Bana Mwila, kutanthauza amake Mwila, wamfupi, wamawu aakulu. Amuna awo, Bashi Mwila, ndiwo anali eni takisi ija. Tsiku lotsatira titafika, mayiyo anasuzumira pampanda ndi mbale ya mapeyala, nalankhula Chinyanja chake chokhotakhota.

"Ba mbuya, mwafika? Mbewa mwabwera nazo zingati? Kuno musatikumbire mabwalo ayi!"

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Ine ndinalandira mbaleyo nkhope ili gwa. Madzulo aPhiri anandifotokozera kuti chimenechi ndi chimbuya. Anati kalekale makolo a Abemba ankamenyana ndi anthu a kwathu kum'mawa, ndipo nkhondo itatha anasandutsa chidanicho kukhala chibale cha nthabwala. Mbemba akakutukwana motero ndiye kuti wakulandira. Anandiuza kuti ndingomuyankha kuti iwo amadya anyani, nkhani ithere pomwepo. Ndinamva, koma mtima sunavomere. Kwathu timaseka ndi munthu amene timadziwa amake.

Patapita masabata atatu, kunachitika maliro a bambo wina wa ku Katete amene tinkapemphera naye. Pochokera kumanda ndinangomva chinthu chozizira chikuthiridwa m'mutu. Anali Bana Mwila ndi botolo la paudala ya ana, akundipaka kumaso ndi m'khosi, akufuula kuti odya mbewa atha mmodzimmodzi. Onse a kum'mawa anali mbuu, ena akuseka misozi ili m'masaya. Ine sindinaone zimenezo. Ndinangoona chitenge changa chatsopano chitada ndi anthu akundiyang'ana. Ndinamukankha, botolo linagwa, ndipo ndinamuuza pagulu kuti ndi mkazi wosaleredwa, asadzandikhudzenso. Iye anawerama, natola botolo lake, nachoka.

Kuchokera tsiku limenelo sanasuzumirenso pampanda. Tikakumana pampopi ankapereka moni waulemu, womwe amapatsa mlendo, ine n'kuyankha chimodzimodzi. Ndinkaganiza kuti ndapambana.

Chaka chisanathe, amayi ake a Bana Mwila anamwalirira m'nyumba momwemo. APhiri anandiuza kuti pa maliro a Mbemba ntchito ndi yathu a kum'mawa: kuphika, kutunga madzi, kuwaseketsa ofedwa. Anandichonderera kuti ndipite, nati mwayi wokonza zinthu ndi umenewu. Ndinanama kuti mutu ukundiwawa. Masiku atatu ndinamva nyimbo za maliro kudzera pakhoma, ine chitseko chili chotseka. Amuna anga anapita okha. Atabwerako sanandikalipire. Anangoti, "Amake Tisa, muno m'tawuni abale ako ndi amene amamva ukatsokomola."

Tinakhala choncho zaka ziwiri. Kenako linafika Lachiwiri lija.

APhiri anali ndi matenda othamanga magazi. Atagwa, pakamwa panakhota, mawu osatuluka, maso okha akundiyang'ana. Tisa anali kusukulu. Ndinatuluka, ndipo ndinamva wailesi ya m'takisi ikulira kuseri kwa mpanda. Panali mapazi khumi okha. Koma m'mutu munabwera mawu akuti, ukayambira pati iwe amene sunapite kumaliro awo? Ndinadutsa pageti pawo nditayang'ana kumbali. Kumsewu galimoto zinali zodzaza, zina sizinaime, ndipo woyendetsa amene anaima sindinathe kumufotokozera bwino njira. Pamene ndimabwerera ndi galimotoyo, pafupifupi ola linali litatha.

Ndinapeza chitseko chili pululu, m'nyumba mulibe munthu. Mayi wogulitsa makala pakona ndiye anandiuza. Bana Mwila anandiona ndikuthamanga wopanda nsapato, mpango uli m'manja, ndipo anadziwa kuti kwagwa zovuta. Analowa osaodira, naitana amuna ake, n'kuwanyamula aPhiri kupita nawo kuchipatala.

Nditafika ndinamupeza atakhala pambali pa bedi, akuwapukuta malovu ndi chitenge chake. Anasuntha kuti ndikhale. APhiri anatisiya Lachinayi masana. Adokotala anati mwina ngakhale akanafika msanga sizikanasintha. Mwina. Koma mphindi zimene anagona okha pasimenti, ine ndili kumsewu, palibe dokotala angandichotsere mumtima.

Abale athu ochokera ku Chadiza anafika patapita tsiku lathunthu. Anapeza zonse zili m'malo. Mipando inali itatulutsidwa panja, tenti itamangidwa, mbaula zikuyaka. Amene ankagwira ntchito anali amayi a Chibemba omwe kwa zaka ziwiri sindinafune kudziwa mayina awo. Bana Mwila ankagona pafupi nane pamphasa, ankandikakamiza kumwa phala, ndipo ndi amene anauza Tisa za imfa ya bambo ake ine nditalephera.

Tsiku loika maliro, pochokera kumanda, anatulutsa paudala. Anapaka alamu anga, anapaka achemwali anga, anapaka ngakhale amalume a aPhiri amene saseka ndi munthu. Ankawanena kuti abwera ambiri chonchi chifukwa amva kuti ku Ndola kuli nyama ya mafupa akuluakulu. Anthu anaseka koyamba m'masiku anayi. Atafika pamene ndinakhala ine, anaima. Anatseka botolo, nagwada pang'ono mwaulemu, n'kupitirira.

Inu owerenga, palibe mawu achipongwe amene anandipwetekapo ngati ulemu umenewo. Pabwalo lonse ndinatsala ndekha wa nkhope yopanda paudala, ngati munthu wongodutsa, pamaliro a mwamuna wanga. Ndinamugwira chitenge.

"Ba mbuya, nanga ine? Kapena paudala mwasungira anyani anu?"

Anandiyang'ana. Anathira pang'ono m'dzanja lake n'kundipaka pachipumi pang'onopang'ono, ngati mmene timadzozera khanda.

"Mwachedwa, ba mbuya," anatero. "Koma mwafika."

Tinalira tonse awiri titakumbatirana, mpaka amayi ena anatidzutsa.

Abale anafuna kunditenga kubwerera kumudzi. Anati mkazi wamasiye wosadziwa chilankhulo sangakhale m'tawuni. Ndinakana, chifukwa Tisa anali pasukulu, komanso chifukwa manda a bambo ake ali kuno.

Tsono inu amene mwangofika kumene m'tawuni, makamaka amayi anzanga ochokera kumudzi, ndimvereni. Mwambo umene simukuudziwa musathamangire kuutcha chipongwe. Funsani, ndipo akakuyankhani khulupirirani. Chilankhulo lankhulani chokhotacho, akusekeni, mawa mudzakhoza. Maliro a pafupi musawamvere pakhoma, pitani mukatsuke ngakhale mbale. Ndipo ngati munalakwira mnansi wanu, kapepeseni lero kukadali bata. Manyazi amene mukuwasunga adzakuimirirani pakhomo tsiku limene mudzafune kuthamanga. Ine kupepesa kunanditengera mphindi imodzi, koma ndinadikira mpaka mwamuna wanga atalowa m'manda. Iye sanaone tikuseka limodzi, chinthu chimene ankachifuna kwambiri.

Panopa ndikadali ku Chifubu m'kanyumba komweko. Ndimagulitsa nyemba ndi mtedza kumsika, ndipo ndimatsatsa m'Chibemba changa chothyokathyoka. Ndikamva kuti kwagwa maliro a Mbemba m'dera lathu, ndimatseka benchi langa, ndimatenga chidebe, ndipo ndimapita kukatunga madzi.