Marlys ndi Anthu Onena Kuti Ali Bwino

Marlys Tollefson ali ndi kampani ya mabulekidauni, magalimoto okoka anzawo owonongeka, m'tauni yathu kuno ku North Dakota. Ine ndimagulitsa matayala khomo loyandikana naye, choncho masana ambiri khofi ndimamwera mu ofesi mwake. Ndi mayi wamfupi, wa imvi mbuu, wosakonda zoseka.

Asanagule bulekidauni yoyamba anagwirako ntchito ziwiri. Ali mtsikana ankaperekera zakudya palesitilanti ya m'mbali mwa msewu waukulu, pomwe amaima madalaivala a mathiraki. Amati pamenepo anaphunzira kuti kasitomala wolalata mawa amabweranso, koma amene wangokhala phee ndi chakudya chozizira amachoka osatsanzika, ndipo sudzamuonanso. Kenako analowa ntchito ku ofesi yolandira mafoni a ngozi, komwe anakhala mpaka ana ake anakula.

Nkhani ya Arvid Haugen inamupezera kumeneko. Arvid anali mlimi wa tirigu, nkhalamba yosafuna kuvutitsa munthu. Tsiku lina masana kunabwera chimphepo cha chipale chofewa, misewu yonse n'kukwiririka. Galimoto ya Arvid inatsetserekera m'ngalande akuchokera kokagula mankhwala a ng'ombe. Anaimba foni, ndipo anayankha ndi Marlys.

"Pepa mwanawe, ndakusokoneza," anatero Arvid.

"Mwavulala, bambo Haugen?"

"Ayi ndithu. Injini ikulira, hita ndayatsa, masangweji ndili nawo. Yamba wathandiza ena, ine ndili bwino."

Mafoni ena ankalira osapumira. Wina ankalira misozi, wina ankatukwana kuti thiraki yake yapingasa pamsewu. Marlys anatumiza anthu konseko, Arvid n'kumuika kumapeto. Pamene galimoto yokankha chipale inkafika pangalandepo, dzuwa linali litapendeka. Chipale chinali chitatseka paipi ya utsi, utsiwo n'kumalowa m'kati. Anamupeza atakhala bwinobwino pampando, manja ali pamiyendo, atamwalira.

Palibe anamuimba mlandu Marlys. Mkazi wa Arvid anafika mpaka ku ofesi ndi keke, kudzathokoza kuti mwamuna wake anayankhulidwa mokoma pomaliza. Marlys anailandira kekeyo, koma inaumira m'galimoto mwake osaidya. Chisanu chitatha anasiya ntchito.

Zimenezi anandiuza kamodzi kokha, akuyang'ana pawindo. "Mawu a bambo Haugen ankakoka ngati a munthu amene akuodzera," anatero. "Makutu anga anamva ndithu. Koma ine ndinatsata zimene ananena."

Anagula bulekidauni yakale kwa msuweni wake n'kulemba ntchito Duane, mwamuna wamkulu thupi amene anaphunzira naye sukulu. Kuyambira pachiyambi, munthu akaimba foni Marlys safulumira kudula. Amamufunsa mayina a ana ake, zimene wadya, komwe amapita, ndipo amamvetsera kapumidwe kake. Nthawi yachisanu amamuuza kuti atsike akachotse chipale kupaipi ya utsi, iye akudikira pafoni pomwepo. Akamva munthu akupepesa kwambiri, amadziwa kopita koyamba.

Tsiku lina ndili mu ofesi mwake kunabwera mafoni awiri motsatizana. Woyamba anali loya, galimoto yake yatsopano itakana kulira pakhomo pa khoti, ndipo ankakuwa moti ndinkamumva ndili kukhomo. Wachiwiri anali Renae Dockter, mphunzitsi wa kusukulu ya kumidzi, amene anawomba mpanda wa waya ndi galimoto ndipo ankati adikira, palibe chothamangira.

"Duane, pita kwa Renae," anatero Marlys.

"Iwe Marlys, mutu ukuyenda bwino? Loya ali apa pomwepa, akuchita kung'amba foni. Ukunditumiza kutchire kwa munthu woti wanena yekha kuti adikira?"

"Wokuwayo mpweya ali nawo. Nyamuka."

"Makutu akowo ngati a mleme," anadandaula Duane akuvala jekete. "Tsiku lina udzamva nyerere zikutsokomola."

Anamupeza Renae atathyoka dzanja, milomo itachita kuuma ndi kuzizira. Pafoni sananene, akuti ankaopa kuoneka wovuta. Loya uja anaitana kampani ina ndipo anamunyoza Marlys m'tauni monse. Koma alimi anamva za Renae, ndipo lero nambala ya Marlys ili pafiriji m'nyumba zambiri za kumafamu. Mabulekidauni anachuluka, madalaivala nawonso, ndipo aliyense watsopano amayamba wakhala pambali pake mu ofesi kumvetsera mafoni asanapatsidwe makiyi.

Chaka chatha mwana wake wamkazi anamunyengerera kuti akapume kwa iye ku Arizona, kotentha, mpaka chisanu chidutse. Tinamuperekeza ndi phwando, Duane n'kulonjeza kuti kampani aisamala ngati yake. Mwezi usanathe tinangoona Marlys akutsika galimoto pakhomo pa ofesi, nkhope itapsa ndi dzuwa, chikwama chili m'manja.

"Akuthamangitsa kale?" anafunsa Duane.

"Kumeneko n'kwabwino," anayankha Marlys akuvula magolovesi. "Koma ndikakhala pakhonde, dzuwa likuwala, ndimangoona ngati kwinakwake munthu wakhala m'ngalande, akudikira mwaulemu."

Duane sanamuseke. Anadzuka pampando wa Marlys n'kupita kukatenthetsa injini ya bulekidauni.