Malume Anga a Taribum ndi Agalu a Gula

Malume anga a Taribum ndi osamalira agalu a m'kachisi wa Gula, mulungu wamkazi wochiritsa, kwathu kuno mumzinda wa Isini. Ntchitoyi sanachite kuisankha. Ali mwana anatuluka chilonda chosamva mankhwala pamwendo, mayi awo n'kukawagoneka pakhomo la kachisi akulira. Galu wina anabwera n'kunyambita chilondacho, ndipo chinapola. Basi mayi aja anati, "Mwanayu ndi wa Gula."

Anakula akuphikira agalu phala la balere ndi kuwachotsa nkhupakupa. Galu aliyense anamupatsa dzina, ndipo ankacheza nawo ngati abale.

Povuta panali pa ukwati. Anakonda Ahatani, mwana wa mayi Belesunu ofulula mowa kudoko. Mtsikanayo anali wolola, koma mayi ake ayi.

"Mkamwini wonunkha galu? Anthu andithawa pano, mowa undisasira m'mitsuko!"

Tsiku lokaonekera kwa apongozi, malume anasamba kumtsinje, anadzola mafuta a chitowe, n'kutsekera agalu bwinobwino. Koma atangokhala pamphasa, kunja kunamveka mgugu. Agalu aja anali atakumba kunsi kwa mpanda n'kuwalondola. Analowa m'bwalo onse, n'kugona phee mozungulira Ahatani.

Malume manyazi anawagwira. "Pepani mayi, ndiwathamangitsa pompano."

Pakati pa anthu omwa mowa panali wansembe wina wokalamba, wolosera ndi chiwindi cha nkhosa. Anachotsa pakamwa bango lomwera mowa.

"Uwathamangitse? Iwe Belesunu, sukuona kuti mwini wa agaluwa watumiza ankhoswe? Ukufuna kukanira Gula?"

Mayi aja anayang'ana agalu, anayang'ananso mwana wawo amene ankaseka atabisa nkhope m'manja.

"Ine ndine yani?" anatero. "Koma akangondiswera mtsuko, ndikawanenera kwa mwini wakeyo."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Mowa wa tsiku limenelo unatha dzuwa lisanapendeke, ndipo paukwati agalu anadya mafupa mpaka kulephera kuuwa.

Banjalo linadalitsidwa ndi ana ambiri, ndipo wamkulu ndiye amathamanga ndi agalu tsopano. Malume akalamba. Amangokhala pachipata cha kachisi n'kumaumba tiagalu tadongo toti odwala akapereke kwa Gula popempha moyo. Akazi awo amati timaoneka ngati mbuzi. Odwala amatitengabe, ndipo ambiri amabwerera kwawo akuyenda okha.