Chala cha Ambuya Tisauke

Ndikakumbukira Ambuya Tisauke, amayi awo a bambo anga, ndimamva fungo la mafuta a kumutu losakanikirana ndi fumbi la ku Kasanda, ine nditakhala pakati pa mawondo awo, zala zawo zikuthamanga m'tsitsi langa. Atsikana onse a mumzere wa nyumba zathu ankalukidwa ndi iwowo.

"Iwe Chiko, nkhala bwino! Mutu monga dzungu, koma sukhazikika!"

Ndili ku pulayimale, kachotupa kofewa kanamera pamwamba pa dzanja lawo lamanja. Dokotala anati ndi madzi chabe, n'kukapopa ndi jakisoni. Madzulo omwewo ambuya anali akuluka kale, uku akuseka amayi akutchalitchi amene anabwera kudzazonda matenda.

Choncho pamene china chinatuluka patsinde pa chala chachikulu, cholimba ngati mwala, anangoti, "Ni kaja kakale, katuma mng'ono wake." Anachikulunga ndi kansanza, kuchipatala osapitako. Chomwe chinawaulula ndi tsitsi langa. Amayi anga anaona kuti loluka Loweruka linkamasuka sabata isanathe, ndipo anawakokera kuchipatala.

Kumeneko anadula kanyama pang'ono n'kukapima. Inali khansa. Dokotala anati achotse chalacho msanga, kenako mankhwala a m'diripi.

"Adokota," anatero ambuya, "ichi ndiye chigwira tsitsi. Lekani niluke mkwatibwi wanga, nizabwera."

Ukwati wa msuweni wanga Esinati unali udakali kutali, mvula ikatha. Bambo anachonderera mpaka kugwada, koma ambuya anali atalonjeza. Anamulukadi Esinati, thukuta lili kamukamu, akuluma mlomo, ndipo aliyense anatama mutu wa mkwatibwi.

Pobwerera kuchipatala, chotupa china chinali chitamera m'khwapa. Anawadula dzanja lonse, anakawaotchanso ndi makina ku Lusaka, koma matendawo anali atafika kale m'chifuwa. Masiku awo omaliza ankandikhazika pakhonde kuti ndiluke mng'ono wanga, iwo akulangiza ndi mawu okha.

"Kokako, mwana wanga. Usaope, sazafa."

Anamwalira ndisanaphunzire kuluka mizere yowongoka.

Pano ndili ku sekondale, ndipo ndikulimbikira sayansi kuti ndidzagwire ntchito kuchipatala. Ndikamaluka ana a anzathu, maso anga amapita pa manja a amayi awo. Mwezi watha ndinaona kotupa pa chala cha Amake Mwansa, oyandikana nafe. Iwo anaseka, nati sikapweteka. Sindinachoke pakhomo pawo mpaka atavala nsapato kuti tipite kuchipatala.