Mawu a Kuseri kwa Kamera

Loweruka masana, pa 13 Febuluwale 2016, Gethin Prosser anaima pasiteji ku Bristol, mawu n'kumuthawa. Anali ndi zaka 31. Sewerolo anali atalichita mwezi wathunthu osaphonya, koma tsikulo mnzake atamufunsa funso la m'sewero, m'mutu munangoti mbuu. Mnzakeyo anabwereza funsolo. Wokumbutsa mawu ananong'ona kuseri kwa katani. Gethin anamva, koma pakamwa panakana kutseguka. Wina kumipando ya kumbuyo anaseka. Gethin anatembenuka n'kutuluka, sewero lili pakati.

Kwa anthu a zisudzo, kuiwala mawu n'kokhululukika. Kuthawa pasiteji ayi. Lolemba anamuchotsa ntchito. Sabata isanathe, munthu amene ankamupezera ntchito za zisudzo anamuuza kuti asamuimbirenso foni.

Inu amene munagwapo anthu akuona, nkhaniyi ndi yanu. Ndiifotokoza monga mmene inayendera, popanda kukometsera.

Bambo ake, a Idris, anabwera kudzamutenga. Anali atayendetsa basi ku Merthyr moyo wawo wonse, ndipo akazi awo anali atamwalira kale. Ali m'njira anati, "Zamasewera zija zathera pamenepa. Kudepoti ya mabasi akufuna madalaivala."

"Ndipatseni chaka chimodzi, Bambo."

"Unanenanso chimodzimodzi uli ndi zaka 20. Chaka chakocho n'chachitali bwanji?"

Mwezi usanathe, Gethin anabwerera ku London. Ankagona pamatiresi m'khitchini mwa mnzake ndipo ankatsuka mbale kuhotela. Akangoganiza zoima pamaso pa anthu, ankagwidwa ndi mantha.

Mu Seputembala 2017 anamva kuti Mayi Oonagh Ferris, amene ntchito yawo ndi kusankha anthu osewera m'mafilimu, akufuna wowerenga. Munthu akabwera kudzayesedwa, amaima kutsogolo kwa kamera n'kunena mawu ake. Pamafunika wina womuyankha. Ameneyo ndiye wowerenga: amakhala kuseri kwa kamera, pepala lili m'manja, ndipo nkhope yake siijambulidwa.

"Ndinamva za ku Bristol," anatero Mayi Ferris.

"Amene sanamve ndi ogontha okha, Mayi."

"Kuno pepala silichoka m'manja. Ukaiwala, uyang'ana pansi. Utha?"

"Kuwerenga kokha ndimatha."

Anagwira ntchitoyo zaka zinayi. Tsiku limodzi ankatha kukhala mkazi wasiye, wapolisi, nkhalamba yodwala, ngakhale mwana wolira. Owerenga ambiri amangotchula mawu ngati akuwerenga chikwangwani cha pamsewu, chifukwa palibe amene akuwayang'ana. Gethin ankatenga mapepala aja kunyumba n'kuwakonzekera ngati mwini gawo ndi iyeyo. Ndiwo anali malo okhawo amene ankachita zisudzo mopanda mantha, choncho ankawalemekeza.

Mu 2019 anayambanso kukwera siteji, m'kachipinda ka pamwamba pa bala ina, ka mipando yochepa. Tsiku loyamba anasanza asanalowe. Analowabe. Chaka chotsatira anaoneka pa wailesi ya kanema ali dokotala, n'kunena ziganizo ziwiri. A Idris anati pamene ankati avale magalasi, mwana wawo anali atachoka kale.

Kenako mu 2021 bambo amene ankasewera Dominic Strake analengeza kuti wakula, wapuma. Mafilimu a kazitape ameneyu anayamba mu 1968, ndipo amuna asanu ndiwo anali atavalapo suti yake. Manyuzipepala anayamba kulota mayina. M'mashopu obetchera anakhoma mndandanda wa akatswiri pambali pa mayina a mahatchi. Ntchito yofufuza wachisanu ndi chimodzi inaperekedwa kwa Mayi Ferris.

Eni mafilimuwa ali ndi mwambo wawo. Aliyense wofuna gawoli amayesedwa ndi kachigawo kamodzi komweko, kochokera m'filimu yakale. Kazitape ali m'chipinda cha hotela ndi mkazi amene amamukonda. Mkaziyo wayamba kukayikira, ndipo akumupempha kuti anene zoona. Kazitape akuyenera kuyankha kuti iye ndi wogulitsa makina basi. Kwa miyezi yambiri akatswiri otchuka ankabwera mmodzimmodzi kudzanena bodza limeneli, ndipo mkazi wonamizidwayo anali Gethin.

Mu Disembala, wotsogolera filimu yatsopano ya Strake, bambo waimvi wosakonda kuyankhula, anakhala pansi kuonera zonse zimene anajambula. Ali mkati anaimitsa kanema.

"Akuyankhula kuseri kwa kamerayu ndani?"

"Wowerenga wathu," anatero Mayi Ferris.

"Ndikumangomvetsera iyeyo m'malo moyang'ana awa. Nkhope ali nayo?"

"Ali nayo. Mphuno yokha ndi yokhota, anaithyola pa mpira wa ragibi."

"Mubweretseni kutsogolo."

Anamuyesa mu Januwale 2022, kenako mu Febuluwale. Pofika mu Malichi panatsala amuna atatu, ndipo Gethin anali mmodzi wa iwo. Mayeso omaliza anawaika Lolemba pa 11 Epulo.

Mayi Ferris anamuitana muofesi n'kutseka chitseko. Anamukumbutsa lamulo limene aliyense pantchitoyi amalidziwa: dzina la Strake watsopano limatuluka pakamwa pa eni filimu okha. Munthu likatuluka dzina lake nthawi isanakwane, amamusiya, ngakhale atakhala katswiri wotani.

"Mkazi ulibe, apo tapulumuka. Bambo ako?"

"Amayankhula kuposa wailesi."

"Ndiye iwowo makamaka. Dzina lako likangomveka ku Merthyr, kuno usabwerenso, ngakhale kudzawerenga."

Lamlungu pa 3 Epulo, Gethin anapita kwawo ku ubatizo wa mwana wa mchemwali wake. Atatuluka m'tchalitchi, onse anapita kukalabu ya ragibi kukadya. Kunali masangweji, soseji ndi mowa. Amalume ake, a Emlyn, amene Loweruka lililonse sankalephera kushopu yobetchera, anamuona akulowa n'kukweza tambula.

"Taonani, katswiri wathu wafika! Iwe, akuti akusowa Strake ku London. Bwanji osapita? Ukaiwala mawu uzingowombera mfuti!"

Anthu anaseka. Gethin anasekanso.

"Mphunoyi ndi imene ikundilepheretsa, amalume."

"Mphuno yokha? Wadzikonda!"

Kenako a Idris anagogoda tambula ndi foloko. Anati ali ndi nkhani yabwino yachiwiri. Anali atakaonana ndi bwana wa kudepoti, ndipo bwanayo wavomera kuonana ndi Gethin, ngakhale kuti zaka zapita. Tsiku lake linali Lolemba pa 11 Epulo, m'mawa. Anthu anaomba m'manja. Ena anabwera kudzamugwira paphewa.

Gethin anadikira kuti phokoso lichepe, n'kupempha bambo ake kuti atuluke panja. Kunali kamvula kowaza. Anaima pakati pa magalimoto.

"Bambo, Lolemba limenelo sindingathe."

"Chifukwa?"

"Ndili ndi ntchito."

"Ntchito yanji? Yowerenga mawu a azimayi ija?" A Idris anavula chipewa n'kuchivalanso. "Ukudziwa amene ndakamugwadira? Kamnyamata kamene ndinakaphunzitsa ine kugwira chiwongolero. Ndakhala pampando wa alendo, ndikukatchula kuti bwana, chifukwa cha iwe. Uli ndi zaka 37, Gethin. Ukugona m'khitchini mwa eni."

"M'khitchini ndinachokamo kale."

"Usandiyankhe zimenezo. Tandiyang'ana. Ngati pali chinachake chenicheni, nena. Ndine bambo ako."

Gethin anawayang'ana. Anaona kuti akalamba, kolala ya shati inali itawakulira m'khosi. Mawu ochepa chabe akanakwanira. Nkhope imeneyo ikanawala, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere ku Bristol akanamuyang'ana ngati munthu. Koma ankawadziwa. Akanalumbira kuti sauza aliyense, ndipo akanalumbira ndi mtima wonse. Koma lumbirolo likanathera pachitseko cha kalabu. Mawa lake a Emlyn akanakhala oyamba pamzere kushopu yobetchera, ndipo obetchetsa akaona anthu a tauni imodzi akuthamangira dzina losadziwika, atolankhani amamva tsiku lomwelo.

Anaganizanso kuti mwina gawolo salipeza n'komwe. Akatero adzakhala atataya ntchito ya basi, atataya bambo ake, popanda choonetsa.

Anamwetulira pang'ono.

"Palibe, Bambo. Ndi ntchito yomwe ija basi."

A Idris anapukusa mutu. "Ndiye ndatopa nawe," anatero, n'kulowa m'kalabu. Sabata yonseyo Gethin ankawaimbira foni, koma sinkayankhidwa.

Pa 10 Epulo, nyuzipepala ina ya Lamlungu inatulutsa dzina la mmodzi wa atatu aja patsamba loyamba. Munthuyo anali atauza wometa tsitsi wake. Lolemba kumalo ojambulira kunabwera amuna awiri okha.

Gethin anamuveka suti imene telala anamuyeza. Ulendo uno mawu a mkazi uja ankanena mayi wodziwika wa m'mafilimu, ataima pafupi naye, magetsi onse atayaka. Pepala m'manja munalibe. Anafika pamene mkaziyo amagwira dzanja la kazitape n'kunena kuti, "Ndiuze zoona. Ndiwe ndani?"

Gethin anakhala chete.

Chete ameneyo anatalika. Mayi Ferris, ataima kuseri kwa kamera, anatseka maso poganiza kuti za ku Bristol zabwereranso. Koma wotsogolera filimu sanaimitse. Pagalasi la kamera ankaona munthu amene akufunitsitsa kunena zoona, amene akudziwa kuti bodza limene ati anene limulanda munthu womukonda, koma alinenabe. Ena onse ankanena bodzalo mosavuta, ngati anthu onyadira luso lawo. Gethin anamwetulira pang'ono n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndimagulitsa makina basi."

Atamaliza, wotsogolera uja anabwera pafupi.

"Chete uja wamutenga kuti?"

"Kwathu, bwana."

Yankho linachedwa. Epulo anatha, Meyi anatha. Gethin anapitiriza kuwerengera anthu ena mawu m'mafilimu ena. Mchemwali wake ankamuuza kuti bambo ali bwino, koma dzina lake salitchula. Pa 9 Juni eni filimu anamuitana n'kumuuza kuti gawolo ndi lake. Anati adzalengeza Lachiwiri pa 21 Juni, 12 koloko masana, ndipo abale ake angawauze ola limodzi nthawiyo isanakwane.

M'mawa wa tsikulo anafika ku Merthyr. Anawapeza a Idris kukadimba kawo kuseri kwa njanji, akumangirira nyemba kumitengo. Sanatembenuke.

"Ngati wabwerera za kudepoti, malo anatenga wina."

"Ndikudziwa. Bambo, tandibwerekani foni yanu."

"Yako yatani?"

"Ingondipatsani."

Anamupatsa monyinyirika. Gethin anaiika m'thumba, n'kuwauza zonse, kuyambira mu Disembala mpaka tsikulo. A Idris anakhala pansi pa chidebe chovundikira. 

"Strake? Iweyo?"

"Ineyo."

"Ndi mphuno imeneyo?"

"Akuti aikonda."

"Ndiye tsiku la ubatizo lija unkadziwa?"

"Ndinkadziwa kuti tatsala atatu."

"N'kundisiya ndikukunyoza pamvula? Miyezi yonseyi ndikudana nawe, iwe uli phee?"

"Eya, Bambo."

A Idris anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, dothi n'kutsalira patsaya.

"Ndikanauza tauni yonse," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndikanayambira Emlyn." Anapuma mozama. "Unachita bwino, mwana wanga. Ine sindikanatha." Anatambasula dzanja. "Tsopano bweretsa foniyo."

"Nthawi sinakwane."

"Ndiye khala pansi apa, undigwire. Ndikaimirira ndithamanga."

Gethin anakhala pansi pambali pawo, n'kuwagwira mkono. Anadikira limodzi mpaka belu la tchalitchi linalira 12 koloko.

Inu amene mukuwerenga, pakati pa kugwa kwa munthu ameneyu ndi kudzuka kwake panadutsa zaka zisanu ndi chimodzi. Zambiri mwa zakazo anagwira ntchito pamalo amene palibe ankamuona, ndipo anaigwira bwino. Nthawi itafika, analolera kuoneka wolephera pamaso pa bambo ake omubala kuti asawononge chimene chinali chisanapse. Mwina inunso lero muli kuseri, mukukometsa ntchito za anzanu. Mwina kwanu anakulembani kale m'gulu la olephera, ndipo mulibe choti muwaonetse. Sikuti aliyense adzavala suti ya kazitape, koma ntchito yogwiridwa ndi mtima wonse imamveka ngakhale mwini wake sakuoneka. Gwirani yanu, ndipo musathamangire kudziyeretsa ndi pakamwa. Mtima wokhawo musautaye.